Ndinali Gadiyani wa Galimoto ya Malemu

Amayi anzanga a pa gulu lino, usiku wathawu ndinalota galimoto ya malemu bambo a Tadala ataigoneka m'chipatala, ine ndili gadiyani wake. Musaseke kaye. Mumve mpaka kumapeto, chifukwa ndikufuna mundithandize nzeru isanakwane 2 koloko masana ano.

Amene mwalowa m'gulu lathu la nkhuku chaka chino simukuidziwa galimotoyo, ndiye ndiyambe ndakuuzani. Ndi chigalimoto chakuda, chachitali, cha mipando yachikopa, choti pokwera umayamba wakwinya chitenje. Bambo a Tadala anachigula kwa mzungu wina wa ku esiteti ya tiyi amene ankabwerera kwawo, chitayenda kale zaka khumi ndi zingapo. Anafika nacho kuno ku Machinjiri mano onse ali panja, amvekere, "aNangozo, ndatola! Mtengo wake ngati wa kagalimoto kakang'ono." Kutola kwake kumeneko! Sitinadziwe kuti chotchipa pa galimoto zimenezi ndi kugula kokha.

Chimwalirireni iwo, zaka ziwiri tsopano, akuisamala ndine. Tayala limodzi likaphulika ndiye kuti nkhuku zambirimbiri zapita. Giyabokosi inadya khola lonse la pa Khirisimasi, lija munandithandiza kugulitsa lija, mayi Gondwe. Mwezi wathawu a Chikopa, makaniko wa ku Ndirande amene wakhala akuigwira kuyambira kale, anandikhazika pa benchi n'kundiuza mosabisa kuti injini yayamba kusakaniza madzi ndi oyilo, ndipo kukonza kwake kuposa mtengo wa galimoto yonse. Ndinalengeza kuti ndikugulitsa. Anthu amabwera, kuizungulira, kujambulitsa nayo, n'kumapita. Mmodzi yekha ndi amene wavomera mtengo, ndipo naye sanandinamize: iye sagula kuti aziyendera, amaphwasula n'kugulitsa masipeya. Akubwera lero 2 koloko ndi lole yodzaikokera. Sindinasaine kanthu. Ndinagona ndi zimenezo m'mutu.

Ndiye m'malotomo ndinapezeka ndili pa mzere wa kuchipatala, dzuwa litangotuluka, galimoto ndaibereka kumbuyo ndi chitenje. Sinkalemera ayi. Inkangotentha pamsana ngati mwana wa malungo, n'kumandidonthezera oyilo m'miyendo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ankadabwa. Mayi wina patsogolo panga anabereka minibasi, bambo wina anafukata njinga yamoto m'manja akuisisita. Tinkasendera pa benchi pang'onopang'ono monga timachitira, wina akalowa tonse n'kusuntha.

Kenako nthawi yathu inakwana. Anaiyeza pa sikelo, namwino n'kufunsa buku la kuchipatala. Ndinapisa m'chikwama n'kutulutsa malisiti a kugalaja, aja ndimasunga m'jumbo ya shuga aja. Anawatsegula limodzilimodzi akupukusa mutu, kenako anati, "Mayi, mwachedwa nawotu odwalawa." Ine kupsa mtima ngakhale m'tulo. Ndachedwa ine? Akafunse ku Ndirande ngati pali mwezi umene sanandione ndili pa kabaza, jumbo ya masipeya pamiyendo. Koma paja namwino sulimbana naye odwala ako asanalandire bedi. Analemba zolembazo n'kuloza ndi cholembera, amvekere, wodi ya abambo.

Ndiye tinali kale mu wodimo. Mmene inalowera pa kakhomo kaja musandifunse, koma inali pabedi, itafunda bulangete mpaka pa boneti, magetsi akutsogolo okha akusuzumira. Bedilo ndinalizindikira. Lachitatu kuchokera pa zenera, lija la mwendo umodzi wochirikiza ndi njerwa. Amene munkabwera kudzazonda bambo a Tadala miyezi isanu ija mukulikumbukira. Mphasa yanga inali pansi pake, pomwe ndinkaiyala, fulasiki yanga yobiriwira pa kakabati, ngakhale sopo amene anandibera sabata yoyamba anali pomwepo, osatha n'komwe. Sindinalire. Ndinangovula nsapato, kumangitsa chitenje m'chiuno, n'kuyamba ntchito. Ya gadiyani siiwalika.

Ndinatunga madzi m'beseni n'kuipukuta ndi kansalu, kuyambira kumaso mpaka kumsana. Ndinaitembenuza kuti ingachite zilonda zogonera mbali imodzi. Pachipumi pake pankayaka timagetsi tonse tija timayaka pa dashibodi, tachikasu, tofiira, ndi kaja ka oyilo kooneka ngati kaketulo. Mabotolo a diripi anali atatu: la dizilo, la oyilo, ndi lina lofiira la mu giyabokosi. La dizilo linkatha ndisanakhale n'komwe pansi. Ndimati ndikathamanga kukanena kuti latha, akaika lina, ndikangotembenuka kuti ndifinye kansalu, lathanso. Ulendo wachinayi namwino anandiyang'ana cham'mbali. "Mayi, odwala anuwa ali ndi pakamwa eyiti, musatitopetse." Ndinapepesa, ngati kuti pakamwapo ndinaboola ndine.

Matenda ake akale nawonso anabwera. Paja galimoto zimenezi sizikhala pa masipulingi ngati zinzake, zimakhala pa matumba a mpweya, ndiye thumba limodzi likabooka imagwada mbali imodzi. Pabedipo inayamba kutsika pang'onopang'ono chakumbuyo kumanzere, ikupuma kuti fuuu, mpaka inagwada ngati mtengwa akupereka madzi kwa apongozi. Ndinaitsamiritsa pilo. Bambo wa njinga yamoto uja, amene anali pa bedi loyandikana nafe, anandibwereka wake kuti akhale awiri.

Kenako kunamveka kuti adokotala akuyendera odwala, magadiyani tonse tibise mapoto. Kulowa adokotalawo, ndi a Chikopa. Avala chikhoti choyera pamwamba pa ovololo, manja akuda bii monga mwa masiku onse, ophunzira ali piringupiringu pambuyo pawo. M'khosi munalibe chija amamvetserera pamtima. Anatulutsa sikuludiraiva yaitali, nsonga pa injini, chogwirira pa khutu, maso n'kutsinzina, ndendende mmene amachitira kugalaja. Anamvetsera nthawi yaitali. Kenako analumikiza kakompyuta kawo koyezera, ndiye kanayamba kulavula pepala. Pepala kutuluka, kutuluka, kudutsa pansi pa mabedi, mpaka kukatulukira pakhomo. Anatembenukira ophunzira aja n'kuti, "Onetsetsani, iyi ndi ya mabwana. Ikapweteka chala imauza thupi lonse kuti ligone." Ophunzira onse kulemba.

Kwa ine analankhula motsitsa, monga amachitira akafuna kunditchulira mtengo. Anati mankhwala ake kuno kulibe, ndi oitanitsa ku Joni, masabata atatu akapanda kuchedwa pa boda. Anati otchipa a m'tauni alipo, koma ndikudziwa ndekha mmene inawasanzira ulendo watha. Ndinavomera ndi mutu, chifukwa ndi zoona, inawasanzadi. Tinaika pampu ya madzi yotchipa Lachiwiri, pofika Lamlungu ndinaima pa msewu ndi yunifolomu ya kutchalitchi, nthunzi ili tolotolo, anthu a m'minibasi akundiloza.

Ndiye ndinali pa windo la famase. Kucheuka, nkhuku zanga zoyera zili pa mzere kumbuyo kwanga, zikuyenda zokha mwaulemu, palibe yolira. Zinkadumphira pa windopo imodziimodzi n'kulowa. Ndinkazidziwa zonse, ngakhale ija yotsimphina imene ndinkaimwetsa madzi ndi supuni. Khola lonse linalowa. Chimene chinatuluka ndi kabokosi, m'kati mwake muli kachinthu kakang'ono ngati chitsekerero cha botolo, kali ndi timawaya tiwiri. Ndinafunsa kuti, basi? Wa pa windoyo sanadzutse n'komwe mutu. Anati ameneyo ndi woyamba, alipo anayi, ndipo amasinthidwa onse pamodzi. Ndinathokoza n'kumanga kabokosiko pa mfundo ya chitenje.

Kenako ndinali kukhitchini ya magadiyani ndikuphika phala, utsi uli m'maso, aliyense pa mafuwa ake. Pafupi nane panali mayi wa minibasi uja, wamsinkhu wanga, wolongolola. Anati wake akadwala amachira ndi waya ndi mphira, m'mawa mwake ali pa msewu akumudyetsa. Ndiye anandifunsa kuti anuwo amakudyetsani chiyani. Ine kudzikweza, ndimvekere, pa ukwati ndi pa maliro ndikangoimika anthu amandipatsa mpando wa kutsogolo. Mayiyo anaseka mpaka mthiko kugwera m'phulusa. "Ndiye ulemuwo mumauthira mchere n'kudya?"

Atatha kuseka anafunsa lija timafunsana magadiyani tonse tsiku loyamba. "Kodi ndi ndani wanu? Mwana? Achimwene?" Ndinangovundula phala. Kenako pakamwa panayankha pokha, ndimvekere, "Mkazi mnzanga." Khitchini yonse kufa nacho chiseko. Koma ndi mmene ndinkaitchulira eni ake ali moyo, chifukwa Loweruka lililonse ankaswera pansi pake, ine ndikungoona mapazi. Mayiyo anapukuta misozi ndi chitenje n'kuti, "Aa, mayi, inu ndi a kumwamba. Mkazi mnzako n'kumugonera pa simenti?" Nanenso ndinaseka, koma zinandilasa.

Pobwerera ndi phala ndinadzera ku mpanda. Kunja kwa waya, kumene kumakhala ogulitsa mabokosi a maliro, kunali amuna atakhala mondandalika pa matayala, aliyense masipanala ake atawayala pa chiguduli. Pakati pawo panali wogula uja, atatsamira lole yake, akudya nzimbe. Anaima, kuvula chipewa, n'kufunsa kuti odwala adzuka bwanji. Ndinati adzukako pang'ono. Anati, "Musafulumire, mayi, ife tilipo." Kenako anandiuza, mwaulemu womwewo, kuti zitseko akuzifuna munthu wa ku Mzuzu, magetsi akutsogolo alipira kale ena, mipando yokha ndi imene sanaipezere mwini. Sanali munthu woipa. N'chimene chinandiwawa kwambiri, ndinalibe pomutukwanira.

Ndiye belu la ozonda odwala linalira. Anthu anakhamukira mu wodi ndi mabasiketi ndi mafulasiki, ndipo pakati pawo analowa bambo a Tadala. Onenepa, anzanga, mmene analili asanadwale, atavala shati lawo la mizeremizere, nsapato zili ngwee. Ndinkadziwa ndithu kuti tinawaika, koma m'malotomo sizinkasokoneza kanthu, zonse ziwiri zinali zoona. Anayamba kupereka moni bedi ndi bedi, kuyambira la pakhomo, kufunsa aliyense kuti kwawo n'kuti. Khalidwe lawo lomwe lija, loti ulendo wa pa golosale pokhapa umatha ola lathunthu. Ine ndaima ndi mbale ya phala, mtima ukuti fulumirani inu, phala likuzizira.

Atafika anakhala m'mphepete mwa bedi, ine n'kukhala pa mphasa. Ndinayamba kupereka lipoti monga gadiyani amachitira eni odwala akabwera. Ndinawauza za giyabokosi, za matumba a mpweya, za pampu yosanzidwa, za matayala amene ndinagula awiriawiri chifukwa anayi pakamodzi sindikanatha. Ndinkayembekeza kuti avundukula bulangete, ayang'ana oyilo, agogoda tayala ndi nsapato. Sanaiyang'ane n'komwe. Ankayang'ana ine, m'khosi muno mmene mafupa atulukamu. Ndiye anandidula pakamwa.

"Inu mwadya?"

Ndinati phalali ndi la odwala.

Apa ndikuuzani chinthu chimene sindinauzepo munthu, ngakhale Tadala mwana wanga sakuchidziwa, ndipo ichi si maloto. Tsiku limene ankawalowetsa mu wodi, ali pa njinga ya odwala, anandipatsa kiyi n'kuti, "Muziiliza m'mawa uliwonse, batire ingafe." Amenewo ndi mawu omaliza amene anandituma ali ndi mphamvu zawo. Ndiye ndinkadzuka pa mphasa paja, kukwera minibasi, kubwera kuno kudzailiza, n'kubwerera madzi osamba asanazizire. Ngakhale m'mawa wa tsiku loika maliro awo, amayi mutandizinga m'nyumba muno, ndinanama kuti ndikupita kuseri. Ndinapita kukailiza. Ikagona kugalaja ndimaimbira a Chikopa kuti ayilize ine ndikumva pa foni. Mwezi uno andiletsa, ati ndikuonongeratu injini, koma ndakhala ndikuilizabe pang'ono mobisa.

Ndiye m'malotomo ndinawauza zimenezo. Ndinati munandituma nokha, ndipo sindinaphonyepo ngakhale tsiku limodzi. Anandiyang'ana, kenako anayamba kuseka kuja ankaseka opanda mawu, mapewa okha akugwedezeka. Atasiya anagwira pachipumi.

"aNangozo, ine ndinkanena mpaka nditatuluka. Ndinkayesa ndi za sabata imodzi."

Eee, ndinakwiya! Ndinafuna kuwaponyera mbale ya phala. Zaka ziwiri, bambo inu, osabwera kudzanena? Koma ndinangomva misozi ikutentha m'masaya.

Kenako anaimirira n'kuyamba kuzula madiripi limodzilimodzi, osafulumira. Anapinda bulangete bwinobwino, pilo wa bambo wa njinga yamoto n'kumubwezera ndi zikomo. Anatsegula chitseko, kukwera, kuliza. Inalira kamodzi kokha, mofewa, mmene inkalirira chaka choyamba. Kumbuyo kuja inagwada kunadzuka, inaima chilili, timagetsi tonse ta pachipumi thimu. Ndiye wodi ija inali msewu wa ku Thyolo, tiyi wobiriwira uku ndi uku, mabedi kulibe, anamwino kulibe, kamphepo kozizira kakuwomba.

Mayi Gondwe, ndikudziwa chimene mukufuna kunena, kuti malemu akabwera ndi galimoto kumaloto sukwera. Ndinkachidziwa ngakhale m'tulo momwemo. Koma ndinapitabe. Ndinapinda mphasa, kunyamula fulasiki, kuzungulira kupita ku chitseko changa. Ndinali nditatopa, anzanga, ndipo mpando wanga unkaoneka pa galasi, wofewa, uli mmene ndinkausiyira. Nditangogwira chogwirira ndinamva loko kuti kha! Anatseka okha, ndinaona chala chawo. Anatsitsa galasi pang'ono, poti n'kungodutsa mawu.

"Gadiyani watulutsidwa. Pitani kunyumba mukagone pa matilesi."

Ndinakoka chitseko ndi manja awiri, ndimvekere tsegulani, bambo a Tadala, tsegulani! Iwo akuyang'ana kutsogolo, galimoto yayamba kuyenda pang'onopang'ono, ine ndikuyenda nayo m'mbali, kenako kuthamanga, fulasiki kugwa. Ndiye hutala inayamba kulira, kulira osaleka.

Ndinadzidzimuka. Kunja kutayera kale, dzuwa lili pa katani, nkhuku zikulirira chakudya, ndipo hutala ikuliradi pabwalo panga. Imatero yokha batire ikafooka, ndipo kiyi siimumvera. Ndinathamanga ndi chitenje cha m'khwapa, a nyumba yoyandikana nayo atayamba kale kusuzumira pa mpanda. Njira yoitontholetsa ndi imodzi basi, imene anandiphunzitsa a Chikopa. Ndinatenga sipanala, kutsegula boneti, n'kumasula waya wa batire. Inangoti zii.

Ndinaima pamenepo, sipanala m'manja, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti nthawi imene ndimailiza inali itadutsa kalekale. Zaka ziwiri ndi miyezi isanu, lero ndi m'mawa woyamba kuti injini yake isalire, ndipo amene ndaizimitsa ndine ndemwe.

Ndiye ndiuzeni, amayi anzanga, inu odziwa maloto. Musandiuze kuti ndinadya nyemba zambiri, ndinagona ndi tiyi yekha. Kodi bamboyu anabwera kudzandimasula kuti ndisaine, kapena anabwera kudzatenga galimoto yake yathunthu chifukwa sakufuna kuti iphwasulidwe? Nanga loko uja, ndithokoze kapena ndilire? Wa lole watumiza kale uthenga kuti akuthira mafuta ku Limbe. Ine ndakhala pakhonde chikhalire, sindinasambe, boneti ili yasa, waya uja akulendewera pambali pa batire. Kumubwezera ndi ntchito ya mphindi imodzi. Ndimubwezere, kapena ndimusiye choncho?